Mtsempha wodulidwa ndi chikwanje: pa njira zatsopano zikuyesedwazi, n'ziti zatsimikizika?

Phiri wa ku Ngabu

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi bala limene timaliona pafupipafupi kuno kuchigwa, makamaka nyengo yodula nzimbe komanso pamene anthu akusosa m'minda. Ndikati mtsempha pano sindikunena wa magazi kapena zingwe zokoka zala zija, matendoni. Ndikunena woyera uja wonyamula mauthenga, umene umachititsa kuti khungu limve kukhudza ndiponso kuti mnofu ukoke.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 24. Chikwanje chamutema mkono chakumkati, masentimita 10 kumunsi kwa chigongono. Magazi analetsedwa, khungu linasokedwa, bala linapola bwinobwino. Patatha miyezi itatu wabweranso. Chala chaching'ono ndi mbali imodzi ya chinzake choyandikana nacho zachita dzanzi, ndipo ziwirizo zakhota ngati zikhadabo za kabawi. Kuseri kwa dzanja, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mnofu walowa, pachita kadzenje. Mukamupanitsa pepala pa zala ziwirizi n'kulikoka, akupinda nsonga ya chala chachikulu kuti lisapulumuke. Palibe kukayika, mtsempha wa ulnar, woyenda mbali ya chala chaching'ono, unaduka tsiku lomwelo ndipo sunalumikizidwe.

Masiku ano achibale a odwala otere amafika atawerenga kale pafoni. Wina afunsa za timachubu tolumikizira mitsempha, wina za mankhwala omata ngati guluu, wina za magetsi, wina za maselo aja amati stem cells, otha kusanduka maselo a mitundu ina. Ndiye ndithandizeni. Pa zonsezi, n'ziti zayesedwa pa anthu n'kuoneka kuti zikuthandiza, n'ziti zidakali pa makoswe? Nanga mnyamatayu, amene kuti aonane ndi dokotala wa opaleshoni ayenera kukwera Thabwa kupita ku Queens, watsala ndi nthawi yaitali bwanji? Ndikufuna mayankho oti tiziwauza anthu popanda kuwanamiza komanso popanda kuwatayitsa mtima.

Nabanda wa ku Nchalo

A Phiri, ndiyambe ndi funso lomalizalo, chifukwa njira zonse mwatchulazo mdani wake ndi mmodzi, nthawi.

Mukadula nzimbe n'kuyang'ana pamene mwadulapo, mumaona timadontho tambirimbiri, timitolo ta ulusi toyenda m'litali mwa phesi. Mtsempha nawo uli choncho. M'kamtolo kalikonse muli timaulusi tambiri totchedwa ma axon, ndipo kalikonse ndi mchira wa selo limene thunthu lake lili kumsana. Mtsempha ukaduka, chigawo chakumunsi chimalekana ndi thunthulo, moti m'masiku ochepa ma axon ake amaphwanyika n'kuchotsedwa. Augustus Waller anafotokoza zimenezi mu 1850 atadula mitsempha ya lilime la achule, n'chifukwa chake timati Wallerian degeneration. Chimatsala ndi timipaipi topanda kanthu, ndipo maselo a Schwann, amene amakuta ma axon, amandandalika mkatimo kudikira mphukira za ma axon zochokera kumtunda.

Mphukirazo zimayenda pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndiye kuti masentimita atatu pamwezi zikayenda bwino, ndipo mwezi woyamba umathera pa kuwoloka pamsoko. Uku mnofu wosowa mtsempha ukufota, ndipo pakadutsa miyezi 12 mpaka 18 sulandiranso mtsempha ngakhale utafika. Maselo a Schwann nawo amatopa nako kudikira. Tessa Gordon ndi mnzake ku Canada anasonyeza pa makoswe mu 1995 kuti chigawo chakumunsi chikakhala miyezi yambiri chili chopanda kanthu, ma axon amene amadzafika kumnofu amakhala ochepa kwambiri.

Tiwerengere mnyamata wanuyo. Kuchokera pachipsera kufika ku timinofu ta m'dzanja ndi masentimita 20 kapena kuposerapo, miyezi 7. Onjezani mwezi wa pamsoko, ikwana 8. Itatu yapita kale, ndiye 11. Atachitidwa opaleshoni mawa lomwe, mtsempha udzafika chitseko chili pafupi kutsekeka. Musamudikiritse kuti tione ngati zibwerere zokha. Bala la mpeni lokhala ndi dzanzi kumunsi kwake ndi mtsempha woduka kufikira dokotala atauona ndi maso kuti ndi wathunthu. M'kalata yomutumizira lembani tsiku lenileni limene anavulala, pamene pali chipsera poyeza kuchokera pachigongono, ndi minofu imene yasiya ntchito.

Pamene zinthu zimalakwika ndi tsiku loyamba lija. Dzanja liyesedwe musanabaye lignocaine, mankhwala ochititsa dzanzi aja, chifukwa mukabaya simungadziwenso kuti dzanzi ndi la mankhwala kapena la bala. Sizitenga mphindi ziwiri. Mitsempha ikuluikulu ya dzanja ndi itatu. Wa ulnar: atambasule zala, apingase chamkombaphala ndi chapakati, mukhudze nsonga ya chaching'ono. Wa median: aike dzanja chagada, aloze kudenga ndi chala chachikulu inu mukukankha, mukhudze nsonga ya chamkombaphala. Wa radial: adzutse dzanja pamfundo yovalapo wotchi, aimike chala chachikulu.

Kutentha kwathu kuno kumatithandizanso. Khungu lopanda mtsempha silituluka thukuta. Mu Okutobala, munthu aliyense ali noninoni, chala chodwalacho chimakhala chouma, ndipo mukayendetsapo cholembera cha pulasitiki chimangoterereka pamene pa zala zinazo chikukakamira. Kwa mwana amene sangafotokoze, viikani dzanja m'madzi ofunda, madigiri 40, kwa theka la ola. Zala zabwino zichita makwinya, chopanda mtsempha chikhala chosalala.

Si mabala onse ofuna kuthamangira kusoka. Lodulidwa bwino ndi mpeni kapena galasi lilumikizidwe m'masiku atatu oyamba ngati n'kotheka, nsonga zisanathawane. Lolumidwa ndi ng'ona kapena lophwanyidwa ndi makina n'losiyana. Pamenepo mtsempha wavulala kutali kuposa pamene maso akuona, ndipo balalo n'lodetsedwa. Limatsukidwa, limasiyidwa losatseka, nsonga za mtsempha zimamangiriridwa pa mnofu wapafupi ndi ulusi wosasungunuka kuti zisathawe, kenako kulumikiza kumachitika patatha masabata awiri kapena atatu, pamene pakufa payamba kuoneka malire. Pomwe khungu silinang'ambike, monga dzanja logwa chifukwa cha kuthyoka kwa fupa la pakati pa phewa ndi chigongono, ambiri amachira okha, ndipo timadikira miyezi itatu tikuyang'anira.

Mbewe, Blantyre

Zimene anena a Nabanda n'zoona, ndipo ine ndilowe pa zimene dokotala akapeze akatsegula mkonowo, chifukwa ndi pamene nkhani ya timachubu imayambira.

Pa miyezi itatu nsonga ziwiri zija sizilinso pafupi. Yakumtunda yatupa ngati kambatata, ndi mphukira zosowa njira zopiringizana ndi chipsera, zimene timati neuroma. Yakumunsi yauma. Zonse ziwiri zimasengedwa pang'onopang'ono, milimita imodzi kapena ziwiri nthawi iliyonse, mpaka timitolo tioneke tikutumphuka ndipo pakutuluka timagazi. Mukasoka pa chipsera, palibe chidzawoloke. Koma mukamaliza kusenga, mpata ukhoza kufika masentimita atatu mpaka asanu.

Chiyeso chimene chimagwetsa ambiri ndi kukoka nsongazo kuti zikumane. Mtsempha ukatamuka ndi 15 peresenti ya kutalika kwake, magazi amaleka kuyenda mkati mwake, ndipo pamsoko pamadzaza chipsera. Muyezo wake ndi wosavuta: ngati ulusi umodzi wa nayiloni 8-0 sungagwire nsongazo osaduka, mpatawo ukufuna mlatho. Kusoka kwenikweni ndi kwa ulusi wa 8-0 kapena 9-0, pansi pa magalasi okuza, kugwira chikopa chakunja cha mtsempha chokha, ndipo timitsempha ta magazi toyenda pamwamba pake ndi timene timasonyeza kuti simunaupotoze. Ukapotoka, ma axon a mnofu amalowa m'mipaipi yopita kukhungu, n'kutayika.

Mlatho umene sunapambanidwebe ndi mtsempha wa mwini wake. Umatengedwa wa sural, kuseri kwa mwendo, ndipo umapereka masentimita 30 mpaka 40. Poti ndi wowonda, amaudula zidutswa zitatu kapena zinayi n'kuzindandalika pamodzi kuti zifanane kunenepa ndi wa ulnar, chilichonse chotalikirapo pang'ono kuposa mpata kuti pasakhale kukokana. Hanno Millesi wa ku Vienna ndi amene anakhazikitsa njira imeneyi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Ubwino wake ndi woti chidutswacho chimabwera ndi maselo a Schwann amoyo. Mtengo wake ndi dzanzi losatha m'mbali mwa phazi, komanso ma axon ayenera kuwoloka misoko iwiri m'malo mwa umodzi.

Timachubu tilipodi, ndipo ena akugwiritsa ntchito pa anthu kwa zaka zoposa 20. Tina ndi ta collagen, tina ta pulasitiki yosungunuka m'thupi. Nsonga zimalowetsedwa mkati milimita ziwiri mbali zonse. M'sabata yoyamba madzi a m'bala amaundana mkatimo n'kupanga kachingwe ka fibrin, maselo a Schwann amakwera pakachingweko, ma axon n'kutsatira. Vuto ndi loti mpata ukapitirira masentimita atatu kachingweko kamaduka pakati kasanalumikizane, ndipo chubu chonenepa chimalephera msanga kuposa chowonda. Choncho ntchito yake yeniyeni ndi timitsempha ta m'zala, pa mpata waufupi. Pa wa ulnar wa mnyamatayu, wonenepa komanso wonyamula mauthenga a minofu, sindingalangize chubu ngakhale munthu atakhala ndi ndalama zake.

Chubu chosagula chiliponso, ndicho kachidutswa ka mtsempha wa magazi wa pamwamba pa mkono. David Chiu ndi Berish Strauch anafalitsa zotsatira zake pa anthu mu 1990, pa mipata yosaposa masentimita atatu. Kamakonda kuphwafuka, ndiye ku Italy anayamba kulowetsamo kachidutswa ka mnofu kuti kakhale kotseguka. Malire ake ndi omwewo. Palinso mitsempha yotengedwa kwa anthu omwalira, yotsukidwa mpaka maselo onse atachoka n'kutsala timipaipi tokha, monga yotchedwa Avance ya ku America, imene imafika masentimita 7. Imasungidwa mufiriji yowumitsa, ndi yodula, ndipo poti ilibe maselo a Schwann imafooka mpata ukatalika.

Chimene chasinthadi zinthu m'zaka 30 zapitazi si chogula ayi, ndi luso losamutsa mitsempha. M'malo modikira mphukira zoyenda ulendo wautali, dokotala amatenga kanthambi kamoyo kamene kali pafupi ndi mnofu wofa ziwalo n'kukalumikiza pamenepo. Christophe Oberlin wa ku Paris anafotokoza mu 1994 za kutenga kamtolo kamodzi ka ulnar n'kukasokera ku kanthambi kopita ku mnofu wopinda chigongono. Izi n'zofunika kwa anyamata a njinga zamoto za kabaza amene amagwera phewa n'kuzula mitsempha ya m'khosi, chifukwa kuchokera kukhosi kufika kudzanja mphukira zingayende zaka ziwiri. Iwowa aonedwe pasanathe miyezi itatu, opaleshoni isapitirire miyezi 6. Kwa wa ulnar, pali kanthambi komaliza ka mtsempha wina wotchedwa anterior interosseous, kamene kamathera pa kamnofu ka pronator quadratus pafupi ndi povala wotchi. Kakasamutsidwira ku gawo la ulnar lopita ku minofu ya m'dzanja, ulendo umafupika ndi miyezi ingapo. Sikafuna chipangizo china kupatula magalasi, ulusi ndi dokotala amene anaphunzira njirayo, ndiye n'koyenera kufunsa ngati zingatheke.

Chisale wa ku Nsanje

Ndiyankhepo za magetsi ndi guluu uja, chifukwa apa ndi pamene anthu akusokonezeka.

Za magetsi zili ndi maziko. Mu 2000, gulu la Tessa Gordon ndi Thomas Brushart linalumikiza mtsempha wa m'ntchafu ya khoswe, kenako n'kupatsa chigawo chakumtunda magetsi ofooka, kugunda maulendo 20 pa sekondi, kwa ola limodzi lokha. Ma axon a mnofu amene amatenga masabata 8 mpaka 10 kuti onse awoloke anawoloka m'masabata atatu. Mvetsani bwino apa: magetsi safulumizitsa milimita imodzi pa tsiku ija. Chimene amachita ndi kudzutsa thunthu la selo kumsana kuti liyambe msanga kupanga zomangira, moti mphukira zimawoloka pamsoko pamodzi m'malo mowoloka imodziimodzi. Umboni wake ndi woti atatseka njira yopita kumsana ndi mankhwala oletsa mauthenga, phindu lonse linatha. Ndiye amene akuyesa njirayi ayenera kusamala ndi mankhwala ochititsa dzanzi obayidwa kumtunda kwa msoko.

Pa anthu yayesedwa m'magulu ang'onoang'ono ku Canada, pa mtsempha wa median wopanikizika povala wotchi mu 2010, kenako pa timitsempha ta zala ndi pa ulnar wopanikizika pachigongono, ndipo zotsatira zinali zolimbikitsa. Mwa njira zonse zatsopano, iyi ndi imene ndikuiona kuti ingafike m'zipatala zathu zikuluzikulu msanga, chifukwa imangofuna timawaya tiwiri towiritsidwa bwino ndi kachipangizo koyendera batire. Koma imachitika pa mtsempha weniweniwo, nthawi ya opaleshoni. Timakina tomata pakhungu togulitsidwa m'mashopu tija ndi ta ululu, sitilumikiza mtsempha woduka.

Guluu amene akunenayo ndi polyethylene glycol, mwachidule PEG, ndipo amene waulimbikira zaka zambiri ndi George Bittner wa ku University of Texas ku Austin. Cholinga chake n'chosiyana ndi njira zina zonse. Iye sakufuna kudikira mphukira, akufuna kumata axon yakumtunda ndi yakumunsi, yakumunsiyo isanafe. Axon ikaduka, calcium ndi amene amachititsa kuti nsonga zake zidzitseke. Choncho amayamba n'kutsuka nsongazo ndi madzi opanda calcium kuti zikhale zotseguka, amathira utoto wotchedwa methylene blue kuti zisatsekeke, amasoka monga mwa nthawi zonse, amathira PEG kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti zikopa za ma axon zisungunukirane, pomaliza amatsuka ndi madzi okhala ndi calcium, monga Ringer's lactate, kuti timabowo totsala titsekeke. Pa makoswe ananena kuti mauthenga amayamba kudutsa m'mphindi zochepa ndipo mwendo umabwerera m'masabata ochepa. Pa anthu, lipoti loyamba linatuluka mu 2016 pa timitsempha ta zala ta anthu ochepa zedi, ndipo kuyesa kukupitirira.

Zovuta zake ndi ziwiri. Choyamba, imafuna axon yakumunsi ikadali yamoyo, kutanthauza tsiku limodzi mpaka atatu chivulalireni. Kwa mnyamata wa miyezi itatu palibe choti amate. Ngakhale wovulala lero, ngati ali ku Makhanga nthawi ya madzi osefukira, masiku atatuwo atha asanawoloke. Chachiwiri, kumatako sikusankha, axon ya mnofu ikhoza kumatidwa ku ya khungu, ndipo si magulu onse ofufuza amene apeza zotsatira zabwino ngati za ku Texas.

Zina ndingozitchula mwachidule. Tacrolimus, mankhwala a anthu oikidwa impso, amafulumizitsa mphukira pa makoswe, koma amafooketsa chitetezo cha m'thupi ndi kuwononga impso, ndiye kudera kwa malungo ndi TB ngati kwathu kuno sangaperekedwe chifukwa cha dzanja. Ofufuza akuyesa kuwaika pamsoko pokha. Mu 2012 anapeza kuti puloteni yotchedwa SARM1 ndi imene imalamula axon yoduka kuti idziwononge, ndipo mankhwala oitseka akupangidwa. Ku Pittsburgh, gulu la Kacey Marra linafalitsa mu 2020 chubu chotulutsa pang'onopang'ono chakudya cha mitsempha chotchedwa GDNF, chimene chinalumikiza mpata wa masentimita asanu pa mkono wa anyani. Chimenecho n'chofunika kuchitsatira, chifukwa chikulimbana ndi malire a masentimita atatu amene anena a Mbewe.

Phiri wa ku Ngabu

Zikomo kwambiri nonse, kalata ya wodwala wotereyu tsopano ndikudziwa kalembedwe kake. A Chisale, wina angaganize kuti poti methylene blue ali mu labu ndipo PEG amagulitsidwa ngati mankhwala otsegula m'mimba, angathe kuyesa pa bala latsopano. Mungati bwanji? Komanso za stem cells palibe wayankha, ndipo amene amafunsa kwambiri ndi mabanja a anthu othyoka msana, ogwa mumtengo wa mango kapena pangolo.

Chisale wa ku Nsanje

Ayi achimwene, asayerekeze. Methylene blue wa mu labu ndi wopaka pa galasi loyezera, si woyera moti n'kuthira m'bala, ndipo ufa wa PEG wakumwa sunapangidwire kulowa mumtsempha. PEG akachedwa kutsukidwa amawononga ma axon omwewo. Njira yoyesera imachitika mu kafukufuku wovomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa odwala, wodwalayo atauzidwa zonse.

Za msana ndi nkhani ina. Chingwe cha mauthenga cha mumsana sichiphuka monga mtsempha wa m'mkono. Samuel David ndi Albert Aguayo ku Montreal anasonyeza mu 1981 kuti ma axon a mumsana amatha kukula akapatsidwa chidutswa cha mtsempha wa m'mwendo kuti adutsemo, kutanthauza kuti vuto lalikulu ndi malo amene alimo. Muli mapuloteni oletsa kukula, monga Nogo amene anapezedwa ndi Martin Schwab ku Zurich, ndiponso chipsera chake chili ndi zinthu zotchinga zimene ku London mu 2002 anazisungunula pa makoswe ndi mankhwala otchedwa chondroitinase. Mu 2014 kunamveka za bambo wina ku Poland amene anabayidwa ndi mpeni kumsana, madokotala n'kumuika maselo ochokera ku gawo la ubongo lomva fungo pamodzi ndi tizidutswa ta mtsempha wa m'mwendo, ndipo anayamba kuyenda ndi chogwirira. Ndi munthu mmodzi, wa bala lodulidwa bwino, atachita mafizo kwa nthawi yaitali. Ku Lausanne, Grégoire Courtine ndi Jocelyne Bloch amaika timawaya pamwamba pa chingwe cha mumsana kumunsi kwa bala, ndipo mu 2022 amuna atatu opuwala miyendo anatha kuima ndi kuponya mapazi makinawo atayatsidwa. Pamenepo chingwe sichinalumikizike, magetsi ndi amene akudzutsa zotsala kumunsi. Ku Keio University ku Japan anaika maselo opangidwa kuchokera ku stem cells mwa anthu anayi, ndipo mu 2025 analengeza kuti awiri anasinthako.

Mukuona kuchepa kwa anthuwo. Palibe jakisoni wa stem cells amene watsimikizika kuti amayendetsa munthu woduka msana. Banja likauzidwa kuti ligulitse ng'ombe likalipire mankhwala otere kunja, liuzeni mosabisa kuti lisagulitse. Chimene chimasunga wodwalayo ndi kumunyamula atagona pa chitseko, khosi litagwiridwa, osati kumukhazika panjinga. Kumutembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda. Ndi kusamala chikhodzodzo.

Nangozo wa ku Bangula

Abambo Phiri, ine ndiwonjezere za miyezi imene mnyamatayo adzakhale kunyumba akudikira mphukira, chifukwa opaleshoni yabwino imatha kuwonongekera pamenepa.

Akasokedwa, mkono umakhala m'chikhakha pafupifupi masabata atatu kuti msoko usakokeke. Chikachoka, mfundo iliyonse ya zala ipindidwe ndi kuwongoledwa mpaka pomaliza, maulendo khumi, katatu pa tsiku, pogwiritsa dzanja labwinolo. Mtsempha ukadzafika n'kupeza mfundo zitauma, palibe chimene mnofu ungakoke. Zala ziwiri zokhota zija zimafuna kachomangira kogwira mfundo za m'munsi mwa zala kuti zikhale zopindika pang'ono. Zikatero, minofu ya kuseri kwa mkono imatha kuwongola nsonga zake. Kakhoza kuumbidwa ndi pulasitala yemweyo wa chikhakha, mkati muli thonje, koma kazichotsedwa tsiku lililonse kuona khungu, chifukwa chala cha dzanzi sichidandaula chikamakhuzika.

Moto ndi umene umatha zala zimenezi. Chala chaching'ono ndi chimene chimagunda m'mbali mwa poto pophula, chimatsamira pa mbaula, chimakhudza paipi ya utsi ya njinga yamoto, mwini wake osamva kanthu mpaka aone thuza. Nsima yotentha ayambe waiyesa ndi dzanja linalo. Mpini wa khasu kapena chikwanje ukulungidwe ndi nsalu kapena labala. Madzulo aliwonse aviike dzanja m'madzi, apake Vaseline likadali lonyowa poti silituluka thukuta ndipo limang'aluka, kenako aliyang'ane ndi maso chala ndi chala. Fodya asiye, amachepetsa magazi opita pamsoko. Mavitamini a B salumikiza mtsempha woduka, ndipo B6 akachuluka kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha. Ululu wotentha ngati moto kapena wobaya usiku sumva panado. Amitriptyline wa mamiligiramu 10 mpaka 25 pogona ndi amene amayambira, polembedwa ndi dokotala.

Odwala ena awiri musawaiwale, poti ndi ofanana ndi ameneyu. Mwana amene wayamba kukwekweretsa phazi atabayidwa jakisoni pathako, ndi mtsempha wa sciatic umene walasidwa; ana azibayidwa kutsogolo chakumbali kwa ntchafu, ndipo wovulalayo apatsidwe chogwira phazi kuti lisagwe, atumizidwe msanga. Winayo ndi wa zala zokhota chonchi koma wopanda chipsera. Mugwireni kuseri kwa chigongono. Mtsempha ukakhala wonenepa ndi wopweteka, ganizani khate, yang'anani zikanga za dzanzi pakhungu. Ngati kufooka sikunapitirire miyezi 6, prednisolone woyambira pa mamiligiramu 40 n'kumatsitsa pang'onopang'ono kwa masabata 12 kapena kuposerapo, pamodzi ndi mankhwala a khate, amatha kubweza mtsemphawo.

Amene wachedwa kupitirira chaka ndi theka asauzidwe kuti zatha. Kusamutsa matendoni kulibe malire a nthawi malinga mfundo zili zofewa. Paul Brand anakonza manja ambiri a odwala khate ku Vellore ku India ndi njira imeneyi, kutenga tendoni ya mnofu wamoyo n'kuipatsa ntchito ya wakufawo, ndipo imathandizanso pa phazi logwa. Kumva kukhudza nako kumatha kubwerako pang'ono ngakhale mtsempha utalumikizidwa mochedwa, chifukwa khungu limadikira kuposa mnofu, ndipo kumva kotentha kokhako n'kokwanira kupulumutsa chala.

Kuti mudziwe ngati mphukira zikuyenda simufuna makina. Gogodani ndi nsonga ya chala chanu motsatira njira ya mtsempha, kuyambira kudzanja kukwera kuchipsera. Pamene wodwala anene kuti wamva ngati magetsi akuthamangira ku chala chaching'ono, ndi pamene nsonga za mphukira zafika. Ndi chizindikiro cha Tinel, chimene Jules Tinel anafotokoza mu 1915 pa asilikali ovulala pankhondo. Ikani kadontho ndi cholembera, yezani ndi tepi kuchokera pachipsera, lembani masentimitawo ndi deti m'buku lake la kuchipatala. Mwezi wotsatira kadonthoko kakhale katatsika masentimita awiri kapena atatu. Kakaima malo amodzi miyezi iwiri yotsatizana, kapena magetsiwo akumveka pachipsera pokha, mphukira zakodwa pamsoko, ndipo abwerere kwa amene anamuchita opaleshoni sabata yomweyo, bukulo lili m'manja.